Funsani Tiyankhe: Kodi masamu ali ndi chiyani choti n'kufufuza?

Makalata atatu a mwezi uno, ochokera ku Dedza ndi ku Ntcheu, agwera pankhani imodzi. Akuyankha ndi aphunzitsi a masamu amene amathandiza tsamba lino.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi akumaliza digiri ya masamu ku Zomba. Ndagulitsa kachewere zaka zinayi kumulipirira, ndikuyembekeza kuti akamaliza alowa ntchito kubanki. Iye akuti akufuna kupita kumalo ofufuzira masamu. Afufuza chiyani poti mayankho a masamu amakhala kale kumapeto kwa buku? Bambo wa ku Bembeke, Dedza.

YANKHO: Bambo, mayankho a kumapeto kwa buku ndi a mafunso amene ena anathana nawo kale. Malo akunena mwana wanuwo amalimbana ndi mafunso amene yankho lake palibe analipeza. Kawirikawiri malowa amakhala pansi pa yunivesite, koma ntchito yawo si yophunzitsa ana a digiri yoyamba ayi. Ena odziwika bwino ndi Isaac Newton Institute, pa yunivesite ya Cambridge ku England, omwe anatsegulidwa mu 1992. Kumeneko amasankha nkhani imodzi, n'kuitana akatswiri a m'mayiko osiyanasiyana kuti adzakhalire limodzi miyezi inayi kapena isanu ndi umodzi akuisinkhasinkha. Zida zawo ndi choko, bolodi ndi kompyuta basi, ndipo mabolodi anawaika ngakhale m'chikepe. Ndi komweko kumene Andrew Wiles analengeza mu June 1993 kuti wamasula funso lotchuka la masamu limene anasiya katswiri wakale Fermat, lomwe linasowetsa anthu tulo zaka zoposa 350. Anzake atasanthula umboni wake mzere ndi mzere anapeza polakwika. Zinamutengera chaka china kuti akonze, mothandizana ndi Richard Taylor, ndipo ntchitoyo inasindikizidwa mu 1995.

Tibwere kumunda kwanu tsopano. Chiwawu cha kachewere mukuchidziwa: kukachita chifunga ndi mvula yamawawa, masamba amada ngati apsa ndi moto, munda n'kutha m'masiku ochepa. Mankhwala opopera a Dithane amateteza tsamba matenda asanalowe, sachiza lomwe lagwidwa kale, ndipo mvula yamphamvu imamutsuka. Nkhani yonse ili pa kudziwa tsiku lopopera. Mukafulumira mwataya ndalama, mukachedwa mwataya munda. Ku Britain akatswiri anaika zolemba za nyengo pambali pa masiku amene chiwawu chinabuka, napeza lamulo: pakadutsa masiku awiri otsatizana kutentha kusanatsike pansi pa madigiri 10, chinyezi cha mumpweya chili pa 90 peresenti kapena kuposa kwa maola 11 tsiku lililonse, alimi achenjezedwe. Pambuyo pake anaona kuti lamuloli likuphonya miliri yambiri, ndipo kuyambira mu 2017 maola aja anawatsitsa kufika pa 6.

Manambala amenewa ndi a nyengo ya ku Britain, sitingangowanyamula n'kuwaika pa Bembeke kapena pa Tsangano. Pafunika munthu woti atenge zolemba za mvula, kutentha ndi chinyezi za kwathu kuno, aziyerekeze ndi masiku amene chiwawu chinaoneka m'minda, apeze lamulo lathu, kenaka aliyese pa zaka zina zimene sanazigwiritse ntchito polipanga. Gawo lomalizali ndi limene ambiri amalumpha, ndiye lamulo limaoneka labwino papepala koma n'kunamiza mlimi. Luso lotere ndi limene mwana wanu akufuna kukaphunzira. Za ntchito musade nazo nkhawa kwambiri. Anthu a luso limeneli amafunika ku National Statistical Office ku Zomba komweko, ku nthambi yoona zanyengo, m'makampani a inshuwalansi, m'mabanki ndi m'kafukufuku wa zachipatala. Ife tikuti muloleni ayese.

FUNSO: Ndili chaka chachinayi, ndikuchita masamu ndi fizikisi. Ndamva za AIMS koma kwathu ndalama palibe. Ndiyambire pati? Wophunzira wochokera ku Lizulu, Ntcheu.

YANKHO: AIMS (African Institute for Mathematical Sciences), sukulu ya maphunziro apamwamba a masamu, inayamba mu 2003 ku Muizenberg, pafupi ndi Cape Town. Anaiyambitsa ndi Neil Turok mogwirizana ndi mayunivesite a Cape Town, Stellenbosch, Western Cape, Cambridge, Oxford ndi Paris-Sud. Nthambi zina zinatsegulidwa ku Senegal mu 2011, ku Ghana mu 2012, ku Cameroon mu 2013 ndi ku Rwanda mu 2016. Wosankhidwa ku maphunziro a masitazi salipira fizi, malo ogona kapena chakudya. Maphunzirowa amatha pafupifupi miyezi 10 ndipo ndi othina: phunziro lililonse limatenga masabata atatu, aphunzitsi ake amachokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo kumapeto mumalemba kafukufuku wanu n'kumuteteza pamaso pa oyesa.

Chofunika ndi digiri ya zaka zinayi yokhala ndi masamu okwanira, kaya ndi ya sayansi kapena ya uinjiniya. Fomu imalembedwa pa intaneti, ndipo pamafunika thiransikiriputi, kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira maphunzirowa, ndi aphunzitsi okuchitirani umboni. Masiku otsekera amasintha chaka ndi chaka, choncho yambani kuyang'ana patsamba lawo mu December.

Ambiri sagwa chifukwa cha magiredi, amagwa pa zinthu zazing'ono. Thiransikiriputi satulutsa ngati muli ndi ngongole ya fizi, ndiye kambiranani ndi ofesi nthawi ikadalipo. Aphunzitsi ochitira umboni auzeni kukadali mwezi wathunthu, ndipo sankhani amene anachonga ntchito yanu, osati amene ali ndi udindo waukulu koma sakukudziwani. Pasipoti yambani kuitsata musanamve zotsatira. Koma pamene pamatimvetsa chisoni kwambiri ndi pa kalata ija. Ambiri amalemba kuti amakonda masamu kuyambira ali ana ndipo akufuna kutukula Africa, mawu amene osankha amawawerenga kambirimbiri. Tchulani funso limodzi lenileni limene linakusautsani, zimene munayesa, ndi pamene munakanirira. Phunziraninso Python (yolembera mapulogalamu a kompyuta) ndi LaTeX (yolembera masamu pa kompyuta) muli konkuno, zonsezi n'zaulere ndipo mukazigwiritsa ntchito mukangofika. Musadalire khomo limodzi: ICTP, sukulu yofufuza za fizikisi ndi masamu ya ku Trieste ku Italy, imene Abdus Salam anaiyambitsa mu 1964, ili ndi dipuloma ya chaka chimodzi ya ophunzira ochokera m'mayiko ngati lathu.

FUNSO: Ndili ndi mnyamata wa Fomu 3 amene amamaliza masamu anzake asanayambe. Pasukulu pathu palibe Additional Mathematics. Ndimuthandize bwanji? Mphunzitsi wa pa CDSS, Ntcheu.

YANKHO: Aphunzitsi, musamuonjezere masamu ofanana ndi amene akuwatha kale. Yambani kumufunsa kuti "chifukwa chiyani?" Ana ambiri amene anakhoza ndi 1 kapena 2 pa MSCE amadzandira chaka choyamba ku yunivesite chifukwa anazolowera kuloweza njira, pomwe kumeneko amafuna umboni.

Yesani izi. Aphatikize 1 ndi 3, apeza 4. Aonjezere 5, apeza 9. Aonjezere 7, apeza 16. Azindikira yekha kuti ndi 2×2, 3×3 ndi 4×4. Mufunseni ngati zidzatero mpaka kalekale, ndipo musalole yankho loti "ndayesa zambiri zatheka". Mpatseni njere za chimanga. Aike imodzi, aizungulize mbali ziwiri ndi njere zitatu kuti pakhale sikweya, kenaka zisanu, kenaka zisanu ndi ziwiri. Akafotokoza chifukwa chake mzere watsopano umafuna njere ziwiri kuposa wapitawo, walemba umboni wake woyamba.

Muonetsetsenso Chingerezi chake. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti imathera pa 6. Akapeza 1 pa masamu koma 7 pa Chingerezi, dzina lake silituluka.