Batire la m'kalavani, ndi chambo changa chimene chinawola ku Chembe

Wina wandilembera imelo kuti wagula kangolo kokoka ndi galimoto koti azigonamo akapita kunyanja, ndiye akufunsa kuti agule batire ndi sola zazikulu bwanji. Achimwene, mwandikanda pachilonda.

Ine ulendo woyamba ndinanyamula batire lakale la galimoto, firiji ya mavolti 12 ndi waya wa sipika amene anali m'kabati. Fyuzi ndinati n'kuwononga ndalama. Tinafika ku Chembe, ku Cape Maclear, mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Cha m'ma 2 koloko usiku ndinadzidzimuka ndi fungo la pulasitiki wopserera. Waya uja ankadutsa pakabowo ka chitsulo, kugwedezeka kwa mumsewu kunamusenda, ndiye anagunda chitsulo n'kufiira ngati khala. Mayi a kunyumba sanayankhule kanthu, anangonyamula mphasa kukagona panja. Chambo chimene tinagula kwa asodzi madzulo chinali chitayamba kununkha pofika masana.

Mpaka lero munthu akandionetsa sola yonyezimira koma pabatire palibe fyuzi, sindimumvetseranso. Fyuzi imakhala pafupi penipeni ndi mutu wa pozitivu, osati kutali uko pafupi ndi firiji. Batire la galimoto nalo lisiyeni. Analipangira kulizitsa injini kwa masekondi ochepa, osati kulikama usiku wonse. Mukatero limafa msanga.

Ndipo za inveta, kachipangizo kosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, zimandipsetsa mtima. Aliyense akufuna inveta kuti aziwiritsa madzi a tiyi. Ketulo ya mawati 2,000 imakoka ma amp opitirira 160 pabatire la mavolti 12. Mbaula inakulakwirani chiyani? Musamakhulupirirenso nambala iliyonse yomatidwa kuseri kwa sola. Ine pashopu ina anandigulitsa yolembedwa mawati 200, koma kukula kwake ngati thireyi ya tiyi.

Tsono yankho lanu

Werengani kaye zimene muzigwiritsa ntchito patsiku. Firiji ndiye mdyomba: kukatentha imadya ma amp-hour (Ah, muyeso wa magetsi a m'batire) 40 mpaka 50 patsiku. Mababu a LED ndi kutchaja mafoni, onjezerani 10. Batire la deep cycle (lopangidwira kulikama kwa nthawi yaitali) la 100Ah limakupatsani 50 okha, chifukwa siliyenera kutsika kupitirira theka. La lithium mutha kulikama mpaka 80 osaliwononga, kungoti mtengo wake umawawa. Sola ya mawati 100 imabweza pafupifupi 30 patsiku la dzuwa labwino, choncho gulani ziwiri, ndi controller (kachipangizo koteteza batire kuti lisatchajidwe mopitirira) pakati pa sola ndi batire. Waya wopita ku firiji akhale wonenepa, wa 4 mm² kapena 6 ngati mtunda watalika, ndipo paliponse pamene akudutsa pachitsulo muvekeni labala.