Kamzinga ka mpweya: mwana aziikamo chiyani?

Funso: Mwana wanga wa zaka 14 wapanga kamzinga ka paipi ya pulasitiki, amapopera mpweya ndi pampu ya njinga. Dzana ndinamupeza akuikamo miyala. Kodi angaikemo chiyani chosavulaza? Mayi wa ku Zomba

Yankho: Mayi, miyala, misomali ndi mabawuti mumuletse lero lomwe. Mwala ukagunda khoma umabwerera, ndipo diso likaphulika silibwereranso. Mpatseni pepala lonyowa lokulunga ngati mpira, kapena kachidutswa ka siponji. Mbatatesi ena amaikonda chifukwa imathina bwino m'paipi, koma imeneyinso imavulaza munthu akakhala pafupi. Asaloze munthu kapena chiweto, asasuzumire kukamwa kwa paipi, ndipo inu muzikhalapo.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi paipiyo. Paipi ya pulasitiki yotchedwa PVC anaipangira madzi. Mpweya wopanikizika ukaiphulitsa, imamwazika tizidutswa takuthwa ngati galasi, makamaka ikakhala yakale yowombedwa ndi dzuwa. Ine ndikanamulanda ndithu.

Ife tili ana tinkasema mfuti za nsungwi, kuikamo mapepala otafuna n'kukankha ndi kamtengo. Zinkalira "phu!" mokwanira. Muuzeni ayese imeneyo.