Kuchokera ku Heathrow kupita ku Schiphol: mtunda ndi nthawi yake

Mayi wina wokhala ku London wandilembera imelo atasokonezeka ndi tikiti yawo yopita ku Amsterdam. Popita, tikitiyo ikuti adzanyamuka pa bwalo la ndege la Heathrow ku London 8:00 m'mawa n'kufika pa bwalo la Schiphol ku Amsterdam 10:20, koma pobwerera ikuti adzanyamuka 17:00 n'kufika 17:20. Iwo akufunsa kutalika kwa ulendowu, komanso ngati n'zotheka kuti ndege ithe maola awiri ndi mphindi 20 popita koma mphindi 20 zokha pobwerera.

Mayi, tikiti yanuyo ilibe vuto. Matikiti a ndege amalemba nthawi ya pamalo pamene ndege ikunyamukira ndi ya pamalo pamene ikukatera, ndipo wotchi ya ku Amsterdam imatsogola ndi ola limodzi poyerekeza ndi ya ku London. Kusiyanaku sikusintha chaka chonse, pakuti maiko awiriwa, Britain ndi Netherlands, amasintha mawotchi awo tsiku limodzi, Lamulungu lomaliza la Marichi ndi lomaliza la Okutobala. Mukachotsa olalo popita n'kuliwonjezera pobwerera, mupeza kuti ulendo uliwonse ndi wa ola limodzi ndi mphindi 20.

Mtunda wa pakati pa mabwalo awiriwa ndi makilomita pafupifupi 370, ndipo gawo lina la mtundawu ndi nyanja ya North Sea. M'mlengalenga ndege imangokhalamo mphindi 45 kapena 50, moti mukamamaliza kumwa tiyi imakhala itayamba kale kutsika. Mphindi zotsalazo zimathera pansi, chifukwa makampani monga KLM ndi British Airways amawerengera kuyambira pamene ndege yachoka pachipata chokwerera kufikira pamene yaima pachipata chotsikira.

Apa m'pamene mabwalo awiriwa amachedwetsa anthu, lililonse m'njira yake. Schiphol ili ndi msewu wa ndege wotchedwa Polderbaan, umene unatsegulidwa mu 2003 kutali kwambiri ndi nyumba yofikira apaulendo. Tsiku lina ndege yathu itatera pamenepo, bambo amene ndinakhala nawo moyandikana anamasula lamba n'kugwira chikwama chawo, osadziwa kuti tiyenda pansi mphindi zina pafupifupi 15 pakati pa minda ndi ngalande za madzi, mpaka kudutsa pamlatho pamene magalimoto a mumsewu wa A5 ankathamanga kunsi kwathu. Ku Heathrow vuto ndi lina: misewu ya ndege ilipo iwiri yokha pomwe ndege zofuna kutera n'zambiri, choncho zochokera kum'mawa nthawi zina zimauzidwa kuti zizizungulira pamwamba pa Lambourne, kumpoto chakum'mawa kwa London, kudikira mpata wawo.

Kunena zoona, mphindi 80 za pa tikitizo ndi gawo laling'ono la tsiku lanu. Britain sali m'gulu la Schengen, la maiko a ku Ulaya (kuphatikizapo Netherlands) amene anthu amadutsa malire a pakati pawo osaima kuonetsa pasipoti, ndiye pa Schiphol mudzaima pamzere woonetsa pasipoti, ndipo ngati yanu ndi ya Malawi mufunika kukhala mutatenga kale viza ya Schengen. Mukaphatikiza ulendo wopita ku Heathrow, kusechedwa kwa katundu ndi kudikira, maola anayi amakwana mosavuta, amene ndi ofanana ndi nthawi imene sitima ya Eurostar imatenga kuchokera pa siteshoni ya St Pancras ku London kufika pakati penipeni pa mzinda wa Amsterdam. Popeza tikiti mwagula kale, mudzafike pa Heathrow kutatsala maola awiri kuti ndege inyamuke, ndipo amene adzakuchingamireni muwauze 10:20, nthawi ya kwawo komweko.