Masiku 6 ku Cape Town, maso atakhuta kale

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina amene wakhala pa ulendo miyezi 9. Ananyamukira ku Cairo, n'kumatsika pang'onopang'ono pa mabasi ndi sitima, ndipo pano watsala pang'ono kulowa mu Cape Town, komwe akakwerere ndege yobwerera kwawo. Walemba kuti: "Ndili ndi masiku 6 okha ndipo ndalemba malo 23 oti ndikaone. Koma kunena zoona, masiku ano ndikaona chinthu chokongola mtima sukudumphanso. Ndalama nazonso zatsala zowerengeka. Ndiyambire pati? Kapena ndangosanduka munthu wosayamika?"

Achemwali, si kusayamika ayi. Mwakhuta. Munthu wokhuta ngakhale mumubweretsere mbale yonona bwanji amangoiyang'ana, ndipo maso nawo amakhuta chimodzimodzi. Mwaona mapiramidi, zipululu, mapiri ndi misika yosawerengeka, ndiye phiri lina limodzi lingakugwetseni bwanji mtima ngati mlendo amene watsika ndege dzulo? Malo 23 aja alembedwa ndi mantha akuti mwina simudzabwereranso. Paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tengani cholembera, musiyepo anayi kapena asanu.

Ku Cape Town ndondomeko ya masiku anu simupanga ndinu, imapanga ndi mphepo. Zinthu ziwiri zikuluzikulu zimene anthu amapitirako, phiri la Table ndi chilumba cha Robben, zonse zimadalira nyengo. Kuli mphepo ya kum'mwera chakum'mawa, imene eni ake amaitchula kuti Cape Doctor, yomwe ikakwiya chikepe cha pa chingwe chokwezera anthu kuphiri chimaima. Mphepo yomweyo imayala mtambo pamwamba pa phirilo ngati nsalu ya patebulo, moti mukakwera tsiku lotero mumangoona zoyera mbuu, ngakhale mnzanu amene ali patsogolo panu osamuona bwino. Ndiye phiri musaliikire tsiku. M'mawa woyamba umene mudzadzuke n'kuliona lonse lili poyera, siyani zonse munyamuke.

Ndi lalitali mamita pafupifupi 1,085, ndipo chikepe chija chinayamba kunyamula anthu mu 1929. Kuli njira ya wapansi ya Platteklip Gorge, yokwera chokhachokha pa miyala yokhala ngati masitepe, ya maola awiri kapena atatu. Yaulere, inde. Koma mawondo amene anyamula chikwama miyezi 9 afunseni kaye. Mukasankha kuyenda, musapite nokha, tengani madzi okwanira ndi chovala chofunda, chifukwa pamwamba pamazizira ngakhale pansi dzuwa likuswa mtengo. Ndipo musadalire kuti mudzatsika pa chikepe, chimatha kutsekedwa inu muli pamwamba pomwepo.

Pa nkhani ya chilumba, ine ndinalakwitsa, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Nditafika mumzindawu kumapeto kwa ulendo wanga wautali, ndinati chabwino ndichisungire tsiku lomaliza, chikhale chotsekera. Tsikulo litafika nyanja inali itachita mafunde, maboti sanayende. Ndinaima padoko la V&A Waterfront tikiti ili m'manja, m'mawa mwake n'kukwera ndege. Ndinadzapondako patapita zaka, pa ulendo wina. Inu gulani tikiti pa intaneti lero lomwe, ya tsiku lachiwiri, kuti boti likalephereka mukhale ndi masiku osinthira.

Kumeneko n'kumene ndikukhulupirira kuti mtima wanu ukadzukanso, chifukwa si malo okaona kukongola. Nelson Mandela anakhala pachilumbachi zaka 18 mwa zaka 27 zimene anali m'ndende, kuyambira 1964 mpaka 1982. Nthawi zambiri amene amakuyendetsani mkati mwa ndendemo ndi anthu amene anamangidwapo momwemo pa zifukwa za ndale. Kachipinda ka Mandela mudzakaona podutsa, anthu akukankhana kuti ajambule, kali ndi chofunda pansi ndi chidebe. Ine chimene chinandigwira kwambiri ndi pamalo pamene akaidi ankakumba miyala ya laimu. Dzuwa likawomba pa thanthwe loyera lija maso amachita kulira okha, ndipo pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake maso a Mandela anawonongeka. Chapafupi pali kamulu ka miyala kamene akaidi akale anaunjika atabwererako mu 1995, aliyense kuika mwala wake. Mudzadutsanso kanyumba kamene Robert Sobukwe, mtsogoleri wina wolimbana ndi tsankho, anasungidwa yekhayekha kuyambira 1963 mpaka 1969, osaloledwa kucheza ndi akaidi anzake. Mukabwerako musadzipatse ntchito ina madzulo amenewo.

Tsiku la mphepo kapena la mvula, khalani mkati mwa mzinda, muyende wapansi. Pa msewu wa Buitenkant pali nyumba yokumbukira District Six, m'tchalitchi chakale cha Methodist. Pa 11 February 1966 boma la tsankho linalengeza kuti dera limeneli ndi la azungu okha, ndipo m'zaka zotsatira anthu oposa 60,000 anasamutsidwa mokakamiza kupita ku Cape Flats, kunja kwa mzinda, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Pansi pa chipinda chachikulu anayala mapu a deralo, ndipo anthu amene ankakhalako anabwera kudzalemba ndi manja awo mayina a mabanja pamalo pamene panali makomo awo. Zikwangwani za misewu imene kulibenso zikulendewera momwemo. Kwa munthu amene wagona pa mabedi a eni miyezi yonseyi ndipo sabata yamawa akatsegula chitseko chake, malo amenewa amalankhula mwa mtundu wina. Mukatuluka, City Hall ili pafupi, pamene Mandela analankhula kwa khamu tsiku limene anatulutsidwa, pa 11 February pomwenso, mu 1990.

Zotsalazo m'katikati mwa mzinda zitengeni ngati zodutsa. Munda wa Company's Garden, umene unayamba mu 1652 monga dimba la ndiwo za amalinyero a ku Holland, ngolowa ulere ndipo uli ndi mithunzi. Ku Bo-Kaap kuli nyumba za penti wowala ndi mzikiti wa Auwal wa mu 1794. Kumbukirani kuti m'nyumba zimenezo mukukhala anthu, musaime pakhonde pa eni ngati pasiteji. Mukamva kuphulika 12 koloko masana musathawe, ndi mzinga wa pa Signal Hill umene amawomba tsiku lililonse kupatula Lamlungu ndi masiku a tchuthi.

Kunja kwa mzinda kupatseni tsiku limodzi, osaposa. Pezani anzanu kumene mukugona, musonkherane galimoto, mutsike ndi msewu wa Chapman's Peak wosemedwa m'mbali mwa phiri, nyanja ili pansi. Ku Cape Point anyani a kumeneko saopa munthu, amatsomphola chakudya m'manja ndipo amadziwa kutsegula chitseko cha galimoto. Pobwerera imani ku Boulders, pafupi ndi Simon's Town, muone mbalame za penguin zikuyenda dzandidzandi pamchenga. Kutopa kulikonse kumagonja pamenepo, mudzaseka basi.

Koma chimodzi ndikuuziretu, poti mwachokera ku Cairo. Cape Point si kumapeto kwa Africa, ngakhale ambiri amajambulitsa pamenepo akuganiza choncho. Nsonga yeniyeni ya kum'mwera ndi Cape Agulhas, ulendo wa maola pafupifupi atatu pa galimoto kuchokera mumzinda. Ndi malo osalala, a miyala ndi mafunde, opanda zochititsa kaso kwenikweni. Mlendo wamba ndikanamuuza kuti asavutike. Inuyo ndi nkhani ina. Ngati mumtima mwanu ulendowu unali wochoka kumutu kukafika kumapazi, pitani, ndipo ulendo umenewo ulowe m'malo mwa tsiku la Cape Point lija. Zonse ziwiri m'masiku 6 n'kudzizunza.

Minda ya mpesa ya ku Stellenbosch ifufuteni, imafuna thumba lolemera ndi munthu wosathamanga. Kirstenbosch, munda wa zomera wa mu 1913 umene uli m'munsi mwa phiri, ndingakulangizeni pokhapokha mukavomera kukagona pa udzu maola awiri osawerenga chikwangwani chilichonse.

Masiku omaliza ndi amenenso apaulendo amatayirira. Munthu amati ndadutsa malire ambirimbiri, chingandichitikire n'chiyani, foni n'kuisiya patebulo. Usiku kwerani galimoto yoitanitsa, osayenda wapansi m'misewu yopanda anthu. Onaninso tsiku limene anakudindirani mu pasipoti polowa m'dziko la South Africa, lisathe ndege yanu isananyamuke.

Tsiku la 6 musalembepo kanthu. Ndilo lopulumutsira boti kapena phiri ngati mphepo inakukanizani. Zikakhala kuti zonse zinatheka, khuthulani chikwama pabedi, nsapato zong'ambika zija mutaye, zimene simudzazifunanso mupatse amene akuyamba kumene ulendo wake, chotsalacho muyeze kulemera. Madzulo pitani ku Sea Point, mukayende m'mbali mwa nyanja pamodzi ndi eni mzinda amene akuthamanga ndi kuyendetsa agalu awo. Mukafuna kuviika mapazi, dziwani kuti madzi a mbali imeneyo amazizira mpaka m'mafupa. Osambika bwinoko ali ku Muizenberg.