Gulu la opuma ntchito zam'sukulu lisasanduke banki mkhonde, amayi

Ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Namwera kuno ku Mangochi, mphunzitsi wopuma amene anayamba kugwira choko mu 1994. Akuti iwo ndi anzawo anayambitsa gulu la anthu amene ankagwira ntchito m'sukulu koma pano anapuma, amakumana kamodzi pa mwezi, ndipo poyamba kalasi inkadzaza koma masiku ano anthu akubwera mongodontha. Ndiye mkangano wabuka. Ena akuti tiyambe kubwereketsana ndalama ngati banki mkhonde kuti anthu akhale ndi chowakokera, ena akuti tizisonkha tikagule sopo ndi shuga tikapereke kwa odwala kuchipatala, ena akuti ife tinatopa kale tizingocheza basi. Funso lawo ndi lakuti atenge njira iti kuti gulu lisafe.

Amayi, zikomo kwambiri polemba, ndipo ndiyankha motalikitsa chifukwa nkhaniyi si ya ku Namwera kokha ayi. Chaka chimene munayamba ntchito inucho ndi chimene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira m'sukulu kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi ambirimbiri nthawi imodzi, ochuluka asanapite n'komwe ku koleji, anadzaphunzitsidwa pambuyo pake mu pulogalamu ya MIITEP. Anthu amenewo ndi amene akukwanitsa zaka 60 m'zaka zino n'kumapuma. Ndiye kuyambira ku Makanjira mpaka ku Nankumba, ku Katuli, ku Malindi, kwa Chimwala, muli aphunzitsi opuma ambiri ndithu amene m'mawa akadzuka alibe belu lowaitana. Magulu ngati lanuli achuluka, ndipo amene ayambe mawa adzaonera kwa inu.

Ndiyambe ndi za ngongolezo poti ndi zimene zikundidetsa nkhawa. Musazilowetse mu gulu limeneli chonde. Banki mkhonde si chinthu choipa, amayi ambiri kuno amalipirira ana fizi kudzera mmenemo, ndipo amene akufuna akhoza kukalowa ina kumudzi kwawo, zilipo zambiri. Koma banki mkhonde imayenda chifukwa anthu ake amakhala oyandikana nyumba, amakumana sabata iliyonse, ndipo ambiri ali ndi kageni kamene kamabweretsa ndalama tsiku ndi tsiku. Inu mumakhala motalikirana, mumakumana pa mwezi kamodzi, ndipo ndalama yanu ndi penshoni imene sikula mofanana ndi mmene zinthu zikukwerera. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Komanso pagulupo sipalephera kukhala wina amene akudikirabe gratuity yake, ndalama ija yolandira kamodzi popuma ntchito, mafayilo akuyendabe. Munthu wotereyo akabwereka ndiye mwezi wotsatira n'kulephera kubweza ndi chiwongoladzanja chake, chimene amachita n'chodziwikiratu, amasiya kubwera. Manyazi a munthu amene anakhalapo hedi pasukulu si amasewera. Ndiye mudzapeza kuti yemwe amafunikira anzake kwambiri, wa mavutoyo, ndi amene gulu lamuthamangitsa, ndipo msonkhano wonse wasanduka kuwerengetsa ndi kufunsana kuti a uje ali kuti ndi ndalama zathu.

Thumba la zovuta ndi nkhani ina, limenelo khalani nalo. Kandalama kochepa koti aliyense angathe, ka matenda ndi maliro basi, kosabwereketsa. Lembani pa pepala kuti chipepeso chimapita akamwalira ndani, membala yekha kapena ndi mkazi kapena mwamuna wake, nanga ana, nanga sadaka ikadzafika gulu limachitapo kanthu kapena ayi. Zimenezi gwirizanani mitima ili m'malo, osati tsiku limene uthenga wamaliro wafika. Ndalama zisamakhale mu foni ya munthu mmodzi pa Airtel Money kapena Mpamba yekha akudziwa PIN, msungichuma aziwerenga mokweza pa msonkhano uliwonse zimene zalowa ndi zimene zatuluka, mlembi alembe mu kope, zithe mu mphindi zochepa mupite ku zina.

Tsopano chifukwa chiyani anthu akuchepa? Musanaganize kuti ndi ulesi kapena kuti akufuna ndalama, yang'anani kaye amene anasiya kubwerawo kuti ndi ndani. Ndikukayikira kuti ambiri ndi akutali ndi amene sanali aphunzitsi. Mwandiuza kuti gulu lanu ndi la onse ogwira m'sukulu, ndiye kuti muli alonda, ophika ku boarding, amatironi, akalaliki, amesenjala, osamalira laibulale. Ndinakhalapo pa msonkhano wa gulu lina longa lanuli kufupi ndi boma kuno, mu holo ya pa TDC, malo amene aphunzitsi a m'dera amachitirako maphunziro ndi misonkhano yawo. Kutsogolo kunakhala amene anali mahedi ndi ma PEA, alangizi oyang'anira sukulu za pulayimale m'dera, mipando yabwino, ndipo zonse zinkayenda m'Chingerezi, minitsi, matters arising, any other business. Kumbuyo kwenikweni pafupi ndi chitseko kunakhala bambo wina wachikulire atavala chipewa chachisilamu, anali mlonda pasukulu ina kwa zaka zambiri, njinga yake ataitsamiza pawindo pomwe ankatha kuiona. Sanayankhule kanthu mpaka msonkhano kutha, koma thobwa litabwera ndi iyeyo amene anadzuka kumagawira makapu ngati akadali pantchito. Zinandiwawa kwambiri. Bambo ameneyo amadziwa banja lililonse lozungulira sukuluyo, amadziwa mwana amene amagona ndi njala, amayankhula Chiyao chimene theka la aphunzitsi aja sanachiphunzire ngakhale anakhala kuno moyo wonse, koma pagulupo anali ngati mlendo.

Magiredi anathera pa tsiku lopuma, amayi. Msonkhano uzichitika m'Chichewa, wofuna Chiyao ayankhule Chiyao, mipando ikhale yozungulira, ndipo mu komiti mukhale munthu mmodzi kapena awiri amene sanali aphunzitsi, pa udindo weniweni osati wongonyamula mabenchi.

Za tsiku ndi malo nazo zimapha magulu mwakachetechete. Kuno ku Mangochi Lachisanu ndi la ku mzikiti, Loweruka pali a Seventh Day, Lamulungu ena onse ali ku tchalitchi, ndiye tsiku la pakati pa sabata ndi limene silipatula munthu, poti nonse munapuma palibe chokuletsani. Likhale patangopita masiku angapo penshoni italowa kuti ya kabaza kapena minibasi ipezeke. Mwezi wa Ramadan sinthani, mukumane opanda chakudya kapena mufupikitse. Ndiwo zikhale zoti aliyense adye mosafunsa, nsomba sitisowa kuno, utaka kapena usipa ndi mpunga zakwana, ikakhala nyama azinge ndi Msilamu. Ndipo malo azisinthasintha. Munthu wotsika kuchokera kumtunda kwa Namwera kudzera ku Chowe mwezi uliwonse kubwera ku boma, thiransipoti yokha imamudya, ndiye ngati gulu lakula kwambiri ligaweni potsata ma zone a sukulu mmene munkachitira kale, onse pamodzi muzikumana kawiri pa chaka kapena katatu.

Amene akuti tizingochezawo musawanyoze, ali ndi mfundo. Mphunzitsi amasamutsidwa moyo wake wonse, ambiri amapuma ali kudera kumene si kwawo, nyumba ya pasukulu n'kuipereka kwa wina, ana ali ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Joni. Kumudzi kwawo anachokako kalekale moti akabwerera amakakhala achilendo. Ndiye tsiku limodzi limenelo loti munthu asambe, asite malaya, akakhale ndi anthu amene amamutchulabe kuti a madamu kapena aphunzitsi, amene akukumbukira limodzi zophunzitsira pansi pa mtengo wa mango ana oposa 100 kalasi imodzi, limamusunga munthu. Theka la nthawi yanu lipite pamenepo, kudya, kuseka, kufunsana za BP ndi shuga, kuthandizana mapepala a penshoni poti pagulupo alipo amene anadutsa kale njira yonse ndipo akudziwa fomu imene imafunika. Musachite kupepesa kuti lero tangocheza.

Koma kucheza kokha pakapita nthawi nkhani zimatha, mumayamba kubwereza zomwezo, ndiye mpamene pakufunika ntchito yothandiza dera. Apa maganizo anga ndi osiyana ndi a anzanu a sopo ndi shuga aja. Kukaona odwala n'kwabwino ndipo kamodzi pa chaka chitani, koma zimenezo ndi zimene mipingo, madawa a amayi achisilamu ndi makampani amachita kale, ndipo iwo ali ndi matumba okuposani. Inu mukasonkha kuchokera pa penshoni mudzagula timabala ta sopo towerengeka, mwezi wachitatu anthu adzayamba kudandaula za msonkhamsonkha, n'kubwereranso pa vuto lomwe lija loti wosauka asiya kubwera. Chimene muli nacho chimene ena onsewo alibe ndi nthawi, komanso luso lophunzitsa mwana kuwerenga.

Taganizirani mwana wa Sitandade 2 kuno. Kunyumba amayankhula Chiyao, kusukulu akumuphunzitsa m'Chichewa, akafika Sitandade 5 zonse zisanduka Chingerezi, kalasi yodzaza moti mphunzitsi sangathe kuima pa mwana mmodzimmodzi. National Reading Programme inayamba mu 2016 ndipo mabuku anafika m'sukulu, koma buku silingakhale pambali pa mwana n'kumugwira chala kuti apa pali ba, apa be. Mwana amene wadutsa makalasi oyambirira osadziwa kuwerenga amabwereza, amakula msinkhu, kenako mnyamata amaona kuti kunyanja kuli ndalama ya lero lomwe kapena akuyamba kufunsa za pasipoti ya ku Joni, mtsikana akuyamba kufunsiridwa. Anthu amakonda kunena kuti ana a ku Mangochi sakonda sukulu, ine mawu amenewo ndimawakana, mwana amene akukhala m'kalasi osamva chimene chikuchitika sangaikonde sukulu kulikonse m'dziko muno.

Ndiye sankhani sukulu imodzi yokha, yoyandikira mamembala ambiri, osati zisanu. Pitani kaye kwa ahedi ndi a PEA a zone imeneyo, komanso a komiti ya sukulu ndi a mother group, mukapemphe osati kukalamula. Apa ndiponso pamene opuma ambiri amalakwitsa, amafika n'kumauza aphunzitsi achinyamata kuti nthawi yathu sitinkachita chonchi, mawa lake chitseko chatsekedwa. Inu mukanene kuti tipatseni ana amene akutsalira pa kuwerenga, tizikhala nawo masana awiri pa sabata pakhonde kapena pansi pa mtengo, kagulu ka ana ochepa kwa munthu mmodzi, mosinthana kuti wina asatope. Nthawi yake mugwirizane ndi makolo kuti isawombane ndi madrasa. Zipangizo zake ndi makatoni akale, makala olembera, timiyala ta masamu, zimene munkachita kale zija. Ndalama sizilowapo, ndipo onetsetsani kuti makolo amva kuti ndi zaulere, isaoneke ngati part time yolipiritsa.

Ndipo apa ndi pamene mlonda uja ndi amatironi aja amakhala ofunika kuposa ahedi. Mwana akajomba sabata yathunthu, amene angapite pakhomo pake n'kukakhala pamkeka ndi agogo ake n'kuyankhula bwinobwino m'Chiyao ndi iwowo. Mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, makolo ambiri sadziwa kuti ndondomeko yomulola kubwerera m'kalasi akabereka ilipo kuyambira 1993, ndipo kuti malamulo a dziko lino salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Mayi wachikulire amene analera atsikana ku hostel moyo wake wonse amadziwa kayankhulidwe kake nkhani zimenezi mosachititsa banja manyazi. Ngakhale nkhani ya jando ndi nsondo, kuti ana atuluke ku simba sukulu isanatsegulire teremu yoyamba, imamveka bwino ikachokera kwa munthu waimvi amene mafumu amamudziwa kusiyana ndi kalata yochokera ku ofesi.

Msonkhano wa pamwezi nawo umasintha mukakhala ndi ntchito yotereyi, chifukwa aliyense amabwera ndi nkhani yatsopano, kuti kamwana kaja kankangoyang'ana pansi pano kayamba kulumikiza maphatikizo, kuti pakhomo paja tapitanso mayi ake avomera. Za kulembetsa gulu ku boma musathamangire, yambani mwalemba malamulo anu a tsamba limodzi kapena awiri, mudziwitse a ofesi ya zamaphunziro ndi a social welfare ku khonsolo kuti muliko, zolembetsa zenizeni zidzafunika mukadzafuna akaunti ya ku banki m'dzina la gulu. Ndipo wandale akabwera ndi ma T-shirt nyengo ya kampeni mumuthokoze mwaulemu koma gulu lisavale mtundu wa chipani, mamembala anu savotera kumodzi.

Pa msonkhano ukubwerawu, musanayambe kuvota za banki kapena sopo, tengani kope la mayina muwerenge amene sanaoneke miyezi itatu yapitayi, mugawane awiriawiri mukawayendere kunyumba, osati kungolemba pa gulu la WhatsApp poti ena alibe foni zake ndipo ena maso anayamba kuvuta. Mukawafunse chimene chinawaletsa. Amene miyendo sikuwalolanso kukwera kabaza, mwezi wina msonkhano ukachitikire pakhonde pawo, chakudya mutenge nokha kuti musawalemetse. Mukatero mundilemberenso amayi, ndikufuna ndimve zimene akakuuzeni.