Nyumba yothawirako yatsekedwa, nanga mng'ono wanga alowere kuti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa kwathu konkuno amene akugwira ntchito ku Johannesburg. Dzina lawo sinditchula, ngakhalenso boma limene akuchokera. Akuti mng'ono wawo kumudzi wakhala akumenyedwa ndi mwamuna wake kwa zaka zinayi. Chaka china anathawa usiku ndi ana awiri, bungwe lina n'kumusunga milungu itatu m'nyumba yake pa boma. Mwezi watha zinthu zitafikanso poipa anathamangira komweko, koma anapeza loko pa geti, mlonda n'kumuuza kuti ndalama zinatha. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi n'zoona kuti azungu asiya kuthandiza? Nanga ine ndili kutali chonchi, ndipange bwanji?"

Achemwali, pepani kwambiri. Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo pamene mwalemba za loko paja mtima wanga unasweka, chifukwa geti lotero ndikulidziwa.

Inde, n'zoona. Pa 20 Januwale 2025, Donald Trump atangolumbira kumene, anasaina lamulo loimitsa thandizo la dziko la America kumaiko akunja kwa masiku 90. Pofika Julayi chaka chomwecho bungwe la USAID linali litatsekedwa. Mu Febuluwale 2025 Keir Starmer, nduna yaikulu ya Britain panthawiyo, naye analengeza kuti Britain idula thandizo lake kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma chimene dzikolo limapeza pachaka pofika 2027, ndalamazo zipite ku chitetezo. Koma kwa ife mavuto anayamba kale. Mu 2021 Britain yomweyo itatsitsa thandizo kuchoka pa 0.7 kufika pa 0.5 peresenti, pulogalamu ya Tithetse Nkhanza, imene inkagwira ntchito ku Karonga, Lilongwe ndi Mangochi, inathera panjira nthawi yake isanakwane. Spotlight Initiative, pulogalamu yolimbana ndi nkhanza kwa amayi ya European Union ndi United Nations, imene inali ku Mzimba, Nkhata Bay, Ntchisi, Dowa, Machinga ndi Nsanje, nayo inafika kumapeto mu 2023. Muonjezerepo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho: bungwe limene linkalipira lendi, mlonda ndi thumba la ufa pamwezi linadzuka m'mawa n'kupeza ndalama yomweyo sikufika pa tsiku la 20 la mwezi. Si kwathu kokha. Mu Okutobala 2025 bungwe la UN Women litafunsa mabungwe oposa 400 padziko lonse, linapeza kuti limodzi mwa atatu alionse linaimitsa kapena kutsekeratu ntchito zolimbana ndi nkhanza kwa amayi.

Anthu akamva kuti "thandizo ladulidwa" amaganiza za magalimoto akuluakulu oyera ndi misonkhano ya ku nyanja, n'kunena kuti zawaonekera. Ineyo misonkhano imeneyo sindiilira. Koma mpeni ukabwera suyambira kumeneko.

Ndinadziperekapo zaka ziwiri, Loweruka ndi Lamlungu, pa nyumba ina yosungirako amayi othawa nkhanza. Inali nyumba wamba: zipinda zitatu, matiresi pansi, mpanda wa njerwa, geti lachitsulo. Ntchito yanga ina inali kulemba m'kabuku zonse zimene tagula. Sopo. Ufa. Matewera. Mayunitsi. Malita awiri a mafuta a njinga yamoto. Ndalama ya minibasi yopitira ku khoti ndi kubwerako, nthawi zina kasanu, chifukwa mlandu umangosunthidwa. Usiku wina kunabwera mtsikana ataberekera khanda kumbuyo, mlomo utatupa, phazi limodzi lili ndi silipasi, linalo lopanda. Tinamupatsa madzi, sanamwe. Tinamufunsa dzina, sanayankhe. Mawu ake oyamba anali akuti, "Getilo limakhomeka?" Amayi oyang'anira nyumbayo anamugwira dzanja, kutuluka naye panja, n'kumupatsa loko kuti akhome yekha. Anagona mpaka masana a tsiku lotsatira, khanda lili m'manja mwathu. Zimene zimayamba kutha ndalama zikadulidwa ndi zimenezo: loko, mlonda, phala la m'mawa, mafuta okamutengera munthu kumudzi. Ndi tinthu ting'onoting'ono timene m'malipoti simumationa, koma popanda ito mayi sangachoke pakhomo.

Pano ndilankhule zimene zimandiwawa, ndipo sindiloza chala azungu okha. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja tinalikhazikitsa mu 2006. Mwana wobadwa chaka chimenecho lero ndi munthu wamkulu. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti amayi 42 pa 100 alionse amene analowapo m'banja anachitiridwapo nkhanza ndi amuna awo, kaya kumenyedwa, kugwiriridwa kapena kuzunzidwa m'maganizo. Chiwerengero chotere si cha pulojekiti ya zaka zitatu ayi. N'chofunika mzere wakewake mu bajeti ya dziko, monga mankhwala a malungo. Koma ife tinalemba lamulo labwino, n'kusiyira alendo kuti agule matiresi. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Mphepo yaomba, tatsala manja ali m'khosi. Phungu wa kwanu akadzabwera kudzapempha voti, kapena khansala, mufunseni kuti m'boma mwake mayi wothawa usiku amagona kuti. Ambiri sanafunsidwepo funso limeneli.

Tsopano za mng'ono wanu, poti ndiye mwini nkhani.

Nyumba ija yatsekedwa, koma zitseko zina zikadali zotsegula. Pa polisi pali ofesi ya Victim Support Unit, imene ntchito yake ndi yomweyi. M'zipatala zikuluzikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi zina za m'maboma, muli malo otchedwa One Stop Centre, ena amati Chikwanekwane, pamene achipatala, apolisi ndi a zachisamaliro cha anthu amathandizira pamodzi kuti munthu asazungulire tauni yonse akufotokoza zomwezomwezo. Ulendo ulionse akavulazidwa apite ku chipatala, ndipo aonetsetse kuti zalembedwa m'buku lake la kuchipatala, chifukwa ku khoti pepala limalankhula mokweza kuposa misozi. Ngati wagwiriridwa, asadikire kuti kuche kawiri: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Palinso manambala aulere a bungwe la YONECO la ku Zomba, 5600 ya nkhanza ndi 116 ya nkhani za ana. Aiwo angamuuze malo amene akadali otsegula kufupi ndi kwawo.

Chimene amayi ambiri sadziwa n'chakuti lamulo la 2006 lija limapatsa majisitireti mphamvu yolamula mwamuna kuti asamuyandikire mkazi, asamuopseze, ngakhalenso kuti atuluke m'nyumba, mkazi ndi ana atsale. Sikuti nthawi zonse wothawa akhale womenyedwayo. Ngati alibe ndalama ya loya, a Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu otere. Sindikunamizani kuti zimayenda msanga. Mwina adzauzidwa kuti galimoto ilibe mafuta, mwina adzabwezedwa kuti akakambirane kaye kunyumba. Apa m'pamene inu mukufunika.

Ntchito imene inkagwiridwa ndi kabuku kanga kaja tsopano yagwera inu, ndipo kutali kwanuko sikukulepheretsani. Ndalama imene mumatumiza, ina muziitumiza padera, pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu amene nonse mumamukhulupirira, osati pa foni imene mwamunayo amaigwira. Isakhale yambiri, ingokwanira kabaza, minibasi ndi chakudya cha masiku ochepa, koma ikhale chikhalire, isakhudzidwe ngakhale mchere utatha. Chiphaso chake cha unzika, mabuku a kuchipatala a ana, zovala pang'ono, atulutse mwakachetechete, lero kamodzi mawa kena, akasungitse kwa mnzake wa ku banki m'khonde kapena wa kumpingo. Ndipo pezani khomo. Osati kwa amayi anu, chifukwa kumeneko ndiye koyamba kumene mwamunayo adzapite. Ganizirani azakhali a boma lina, msuweni wa m'tauni, munthu amene mlamu wanuyo sanapondepo pakhomo pake. Muimbireni foni inuyo, mumupemphe poyera kuti tsiku lina usiku adzamva kugogoda, ndipo mugwirizane kuti ufa wa masiku amenewo mudzagula ndinu. Anthu ambiri amakana mlendo chifukwa choopa njala, osati kuuma mtima.

Chinthu chimodzi musachiphonye: asamuuze mwamunayo kuti akuchoka, ngakhale pokangana. Nthawi imene mkazi akuchoka, ndi masabata otsatira, ndiyo yoopsa kwambiri, chifukwa wankhanza akaona kuti munthu akumupulumuka m'manja amachita zimene sanachitepo.

Za ankhoswe ndikudziwa kuti mudzazimva, mwina mwazimva kale. Ndimawalemekeza ankhoswe. Ayanjanitsa mabanja ambiri amene akanapasuka chifukwa cha ndiwo ndi miseche. Koma unkhoswe unapangidwira anthu awiri osemphana mawu, osati munthu amene wina akumukanyanga pakhosi. Akadzati banja n'kupirira, ana akula bwanji opanda bambo, inu mudzawafunse mwaulemu kuti ana akula bwanji opanda mayi. Pabanja panu pakufunika munthu mmodzi wolimba mtima kunena zimenezi pamaso pa amalume, ndipo poti ndinu amene mumatumiza ya feteleza ndi ya fizi, mawu anu amalemera kuposa mmene mukuganizira. Agwiritseni ntchito.

Mwalembanso kuti zimakupsetsani mtima kuti ulendo woyamba uja anabwerera kwa mwamunayo. Ndikumvetsa, koma chonde mkwiyowo asaumve. Pa nyumba paja tinkaona amayi akubwerera kawiri, katatu, ena chifukwa munda uli kuchimuna, ena chifukwa mwana ali pafupi kulemba mayeso, ena chifukwa bamboyo wabwera ndi chitenje chatsopano akulira. Amene anadzachoka n'kukhazikika anali aja amene abale awo sanatope nawo. Mukamukalipira adzayamba kukubisirani, ndipo wankhanza amafuna zomwezo, kuti mkazi atsale yekha.

Muziimba foni pafupipafupi, nthawi imene mukudziwa kuti mlamu wanu kulibe. Pa WhatsApp musalembe za mapulani, ndipo zimene mwalemberana azifufuta. Mugwirizane mawu amodzi achinsinsi, ngati "nkhuku ija yadwala", oti akangowatchula inu mudziwe kuti nthawi yakwana, muimbire wa kabaza ndi azakhali aja. Ndipo akangoyankha foni, musanafunse za ana kapena za mvula, yambani mwafunsa kuti, "Uli wekha?"