Za mfuti ya "DP" ija: musathamangire kugula

Achimwene, ndaona funso lanu. Mukuti pa msika wa zinthu zakale zankhondo kuno ku Britain mwapeza mfuti yolembedwa DP, yokhala ndi mzere wa penti yoyera, ndipo wogulitsa akuti ndi "yophunzitsira chabe". Mukufuna kudziwa ngati ili bwino kuyambira pamenepo kutolera zinthu zotere pokumbukira agogo anu amene anali a Keyala, komanso ngati mungapite nayo kumudzi.

Zilembo ziwirizo zikuimira Drill Purpose. Imeneyo si chidole ayi. Ndi Lee-Enfield yeniyeni ya .303, mfuti ya asilikali a Britain, imene akatswiri a zida a asilikali anaiyeza n'kuona kuti yatha, si yoyeneranso kuwombera, ndiye anaisiya kuti anyamata aziphunzirira kuguba, kunyamula ndi kukoka bolt, chitsulo chokankhira chipolopolo mpaipi. Zina anaziboola mpaipi kapena kuziwotcherera, koma zina anangozidinda zilembozo basi. Chidindo cha DP pachokha sichikutanthauza kuti lamulo laleka kuiona ngati mfuti. Kuno funsani satifiketi yochokera ku Proof House, malo oyezera mfuti a ku London kapena ku Birmingham, yosonyeza kuti inaphedwa mwalamulo moti singawomberenso. Wogulitsa akayamba kuzungulira, ingotembenukani muzipita. Ndipo wina asadzakunamizeni kuti ingakonzedwe n'kuyambanso kulira. Anailetsa pa chifukwa.

Kuti agogo anu anagwirapo mtundu umenewu, n'zothekadi. Asilikali a ku Nyasaland a King's African Rifles, a Keyala aja, amene anakamenya nkhondo ku Abyssinia, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944 ankanyamula Lee-Enfield. Koma musalipire ndalama yowonjezera chifukwa wogulitsa wanena pakamwa kuti iyi inachokera ku Zomba. Nkhani yopanda chidindo kapena pepala ndi nthano.

Ine zimene zimandikoka mtima kwambiri ndi zija zimene sizinakhalepo mfuti chiyambire. Pali ina yotchedwa Swift Training Rifle imene asilikali a ndege a Britain (RAF) ndi a Home Guard, gulu la anthu odzipereka kuteteza dzikolo, ankagwiritsa ntchito. Ndinaigwirapo kamodzi. Imalemera ngati mfuti, koma ukakoka chowombera simutuluka chipolopolo. Mumatuluka timasingano tokankhidwa ndi sipuling'i, tikuboola pepala loikidwa pafupi penipeni ndi kamwa la mfutiyo, n'kubwereranso mkati. Mphunzitsi akaona pamene pabooka amadziwa ngati unaloza bwino kapena unapendeketsa mfuti. Palibe wonga umene wawonongeka, ndipo amatha kuphunzira m'chipinda kunja kukugwa mvula. Mukaipeza ili m'bokosi lake lamatabwa pamodzi ndi mapepala ake, imeneyo ndiye yofunika kuimirira, chifukwa mapepalawo ndi amene amasowa.

Ku America nako mfuti zinachepa mu 1942, moti kampani ya Parris-Dunn ya ku Clarinda, Iowa, inapanga zamatabwa zambirimbiri zofanana ndi Springfield M1903, makamaka za asilikali apamadzi. Apa mpamene ine ndinapsa zala. Nditangoyamba kumene ndinagula ina pa intaneti nditangoona dzina la kampaniyo pa chithunzi. Itafika, ndinapeza kanthu kafupi, kopepuka, kokwana mwana wa sitandade 4. Nkhondo itatha kampani yomweyo inayamba kupanga zidole za ana! Yeniyeni ya asilikali apamadzi ndi yotalika ngati mfuti ya munthu wamkulu, ndipo pa chitsulo cha kuthako kwake pamalembedwa kuti Dummy Training Rifle Mark I U.S.N. Pemphani chithunzi cha pamenepo, ndipo funsani kutalika kwake musanatumize ndalama.

Kenako pali zimphona za m'kalasi, zifanizo za mfuti za ku America za M1 Garand ndi BAR (Browning Automatic Rifle) zokula kawiri kuposa zenizeni, zocheka m'mbali kuti kalasi yonse izione mmene zitsulo zam'kati zikuyendera mphunzitsi akamakoka pang'onopang'ono. Garand yotere imapitirira mamita awiri, ndiye ganizirani kaye za pabalaza panu ndi za alamu athu. Ogulitsa amakonda kunena kuti nza nkhondo yachiwiri, pamene zambiri zinapangidwa nkhondoyo itatha kale. Zipolopolo zake zapulasitiki nthawi zambiri zimakhala zitatayika, ndipo zikasowa mtengo uyenera kutsika.

Ndikanakhala inu ndikanayamba ndi zazing'ono. Timabuku ta Small Arms Training ta asilikali a Britain timapezeka motchipa, tili ndi chaka chake pachikuto, ndipo n'timene aphunzitsi a asilikali ankatsatira. Zithunzi zikuluzikulu zopachika pakhoma zosonyeza ziwalo za mfuti nazonso n'zokongola mukaziika mu fulemu. Chilichonse chimene mwagula musachipale ndi sandipepa kapena kuchipaka penti yatsopano. Kuthimbirira komweko ndi kumene ogula ena amafuna.

Za kupita nayo kumudzi, ayi ndithu, musaike m'sutikesi. Pa bwalo la ndege la ku Lilongwe kapena ku Chileka palibe amene adzayambe wakufunsani tanthauzo la DP, adzangoona mfuti, ndipo satifiketi ya ku Birmingham si chilolezo cha ku Malawi. Lemberani kaye apolisi akwathu ndi kampani ya ndege, mulandire yankho lolembedwa. Ngakhale zipolopolo zophunzitsira zija zamizere yofiira, zopanda wonga, zisiyeni konkuno. Timabuku tija ndiye tengani, mukaonetse abale kumudzi.